Kabati Imene Mwini Limba Adaikana

Amene amatsegula wailesi madzulo a Lamulungu, ndi amene adakonda mbale za nyimbo za m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, amalidziŵa liu lina la limba limene silikhala malo amodzi. Liulo limayamba mofatsa, likuyendayenda ngati madzi a padziŵe, kenaka limathamanga ndi kunjenjemera, ndipo woimba akaonjezera mphamvu limasasa ngati kukhosi kwa mlaliki amene wafika pachimake pa ulaliki wake. Ambiri amayesa kuti zonsezo zimachokera m'limba momwemo. Komatu limbalo palokha ndi losalankhula. Mau amatulukira m'kabati yamatabwa yoima pambali, ndipo pakati pa limba ndi kabatiyo pali nthambo ndi ampulifaya, makina okuza mphamvu ya mau.

Limba ndi kabati zidapangidwa ndi anthu aŵiri osiyana amene sadamvane, Laurens Hammond ndi Donald Leslie. Chifukwa cha kusamvanako, ntchito yolumikiza zinthu ziŵirizi idagwera amisiri wamba a m'timashopu ndi m'magalaja. Lero lino mmisiri amene wadzipangira yekha ampulifaya ya mavalavu, nafuna kuisintha kuti iyendetse kabati ya limba, akupitiriza ntchito imene idayamba zaka zoposa 80 zapitazo ku California, m'dziko la America.

Mbiri yake iyambira pa valavu. Valavu ndi kabotolo kagalasi kochotsedwa mpweya, kofanana ndi babu ya magetsi, ndipo m'kati mwake muli kawaya kamene kamatentha ndi timbale tachitsulo. John Ambrose Fleming wa ku England adapanga valavu yoyamba m'chaka cha 1904, ndipo m'chaka cha 1906 Lee de Forest wa ku America adaonjezamo kachitsulo kachitatu kamene kadachititsa kuti magetsi ochepa athe kulamula magetsi ambiri. Kufunika kwa chida chimenechi kuoneka bwino poyang'ana zimene zidamugwera Thaddeus Cahill, amene adayesa kupanga limba la magetsi mavalavu asanayambe kugwira ntchito yokuza mau. Limba lake, lotchedwa Telharmonium, lidayamba kuimba ku New York m'chaka cha 1906, ndipo linkalemera matani pafupifupi 200. Popeza kudalibe chokuzira mau, gudumu lililonse lopanga liu lidayenera kukhala jenereta yaikulu, yotulutsa yokha mphamvu yokafika kwa omvera kudzera m'nthambo za telefoni. Ntchitoyo idadya ndalama zambiri ndipo patapita zaka zoŵerengeka idagwa.

Laurens Hammond, amene adabadwa m'chaka cha 1895, adali wopanga mawotchi a magetsi mumzinda wa Chicago. M'mawotchi akewo mudali kamota koyenda pa liŵiro losasintha, kotsatira kayendedwe ka magetsi a m'nyumba, amene ku America amasintha mbali maulendo 60 pa sekondi iliyonse. Malonda a mawotchi atavuta m'zaka za umphaŵi waukulu za m'ma 1930, Hammond adafunafuna ntchito ina imene mota yake ingagwire, ndipo adabwerera ku nzeru ya Cahill. Koma iye adali ndi mavalavu. M'malo mwa majenereta aakulu adaika timagudumu tachitsulo 91, kalikonse kotambalala pafupifupi mainchesi 2, kokhala ndi mano m'mphepete. Kagudumu kakamazungulira pafupi ndi maginito wokulungidwa ndi waya, kamadzutsa magetsi ochepetsetsa onjenjemera pa mlingo wa liu limodzi. Boma lidampatsa chikalata cha umwini wa luso limeneli m'chaka cha 1934, ndipo limba loyamba, Model A, lidayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1935 pa mtengo wa madola 1,250.

Magetsi ochokera m'timagudumuto ndi ochepa kwambiri kotero kuti khutu silingamve kanthu popanda ampulifaya ndi sipika. Nchifukwa chake limba lalikulu la Hammond lidali kugulitsidwa pamodzi ndi kabati yake yapadera yokhala ndi zinthu ziŵirizi. Mipingo yosauka idalilandira ndi manja aŵiri, pakuti limba la zitoliro, lija la m'matchalitchi aakulu loimbidwa ndi mphepo, lidali la mtengo wosafikirika. Mpingo wa First Church of Deliverance wa ku Chicago, umene unkaulutsa mapemphero ake pa wailesi, udagula limba la Hammond m'chaka cha 1939, ndipo kuyambira pamenepo liu lake lidakhazikika m'nyimbo zauzimu za anthu akuda a ku America.

Opanga malimba a zitoliro sadakondwere. Bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, la Federal Trade Commission, lidaimba mlandu kampani ya Hammond kuti ikunamiza anthu ponena kuti limba lake nlofanana ndi la zitoliro. M'chaka cha 1937, m'nyumba yopemphereramo ya Rockefeller pa yunivesite ya Chicago, limba la Hammond la madola 2,600 lidayesedwa pamodzi ndi limba la zitoliro la madola 75,000, omvera akuyesa kusiyanitsa mau a malimba aŵiriwo. Kangapo konse omverawo adasokoneza, komabe m'chaka cha 1938 bungwelo lidalamula kampaniyo kusiya zina mwa zimene inkanena podzitama. Mlanduwu udaonetsa mtima wa Hammond. Iye ankafuna kuti limba lake liŵerengedwe ngati la m'kachisi, la mau oyera ndi aulemu, ndipo sankafuna kuti munthu wina aliyense aonjezepo dzanja.

M'chaka chomwecho cha 1937, mmisiri wina wokonza mawailesi pa sitolo yaikulu ya Barker Brothers ku Los Angeles adagula limba la Hammond. Ameneyu ndiye Donald Leslie, wobadwa m'chaka cha 1911 ku Danville, m'chigawo cha Illinois. Iye ankakonda malimba a zitoliro a m'nyumba za kanema, ndipo adayembekeza kuti adzamva mau otero kunyumba kwake. Atalifikitsa m'chipinda chaching'ono, adakhumudwa. Mau adali ouma, otuluka pamalo amodzi ngati madzi a pampopi. Poganizira chifukwa chake, adazindikira kuti zitoliro za limba lenileni zimakhala zomwazikana pakhoma lalikulu, kotero kuti liu lililonse limachokera pamalo akeake, ligunda makoma ndi denga, nkufika kwa womvera kudzera njira zambiri. Sipika yoima chilili singachite zotero. Tsono Leslie adayamba kuyesa kuyendetsa mau enieniwo, powazunguza m'njira zosiyanasiyana ndi pa maliŵiro osiyanasiyana, mpaka adapeza chimene khutu lake linkafuna.

Chimene adapezacho chidali chitafotokozedwa kale ndi Christian Doppler, katswiri wa sayansi wa ku Austria, m'chaka cha 1842. Aliyense amene adaimapo pafupi ndi njanji amadziŵa kuti kulira kwa sitima kumamveka kokwera pamene ikubwera ndi kotsika pamene yadutsa. Lipenga lozungulira limachita chimodzimodzi kambirimbiri pa mphindi imodzi. Likamazungulira kubwera kwa womvera liu limakwera pang'ono ndi kukula, likamazungulira kuchoka kwa iye limatsika ndi kuchepa, ndipo nthaŵi yonseyo likuponya mau ku makoma onse a chipinda.

M'chaka cha 1940 Leslie adakaonetsa kabati yake kwa a kampani ya Hammond, poyembekeza kuti aigula kapena amlemba ntchito. Adaikana. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo ka mlendo uyu sikadalandiridwe. Pamenepo Leslie adayamba kupanga makabatiwo yekha m'chaka cha 1941, ndipo kampani yake, Electro Music, idakhazikika ku Pasadena. Kabati yoyamba idatchedwa Vibratone, ndipo zina zidagulitsidwa ndi maina a anthu ena, monga dzina la woimba limba wotchuka Jesse Crawford. Wailesi ndiyo idamlalikira malonda. Bob Mitchell, woimba limba pa wailesi ya Mutual Broadcasting System, adayamba kuigwiritsa ntchito poulutsa mau, ndipo oimba a m'mizinda yakutali atamva liu lachilendolo adayamba kufunsa kumene likuchokera.

Kampani ya Hammond idaletsa ogulitsa malimba ake kugulitsa makabati a Leslie, ndipo idasintha malumikizidwe a nthambo za malimba kuti kabati yachilendoyo isagwirizane nawo. Leslie adayankha popanga tizipangizo tolumikizira tatsopano. Ogulitsa ambiri ankasunga makabatiwo kuseri kwa sitolo, chifukwa ogula ankawafuna. Mkangano umenewu udabala chizoloŵezi chimene chikadalipo. Limba ndi kabati sizinkabwera zolumikizidwa kale kuchokera ku fakitale imodzi. Pankafunika munthu wodziŵa kuŵerenga mapulani a mawaya, wogwada kumbuyo kwa limba ndi chitsulo chake chootcherera, woti aziyanjanitse.

Kabati yotchuka koposa, ya nambala 122, idatuluka koyambirira kwa zaka za m'ma 1960, ndipo idakhala mnzake wa limba la B-3 limene lidayamba kupangidwa m'chaka cha 1954. Kutalika kwake ndi mainchesi 41, ndipo m'kati mwake muli zipinda zitatu. M'chipinda chapamwamba muli malipenga aŵiri ofulatirana. Limodzi lokha ndilo limatulutsa mau, linalo ndi lotseka, loikidwa kuti kulemera kulingane pozungulira. M'chipinda chapakati muli sipika yaikulu ya mainchesi 15 yoyang'ana pansi, ndi ina yaing'ono yoyang'ana kumwamba kulinga ku lipenga. M'chipinda chapansi muli mgolo wamatabwa wokhala ndi khomo mbali imodzi, umene umalandira mau a besi ndi kuwaponya uku ndi uku. Kachipangizo kena kamagaŵa mau paŵiri: onjenjemera kuposa maulendo 800 pa sekondi amapita ku lipenga, otsika kuposa pamenepo amapita ku mgolo. Poyenda pang'onopang'ono lipenga limazungulira pafupifupi maulendo 50 pa mphindi ndipo mgolo 40. Pothamanga lipenga limafika pa 400 ndipo mgolo pa 340. Lipenga nlopepuka, choncho limafika msanga pa liŵiro lake, pamene mgolo, pokhala wolemera, umatsalira kwa masekondi angapo. Kamphindi kameneka, pamene ziŵirizi sizikuyendera limodzi, ndiko oimba amakakonda koposa.

Pafupi ndi mgolowo pamakhala ampulifaya ya ma watt 40, yoyendetsedwa ndi mavalavu aŵiri aakulu a mtundu wa 6550 ndi ena aang'ono. Mphamvu yake si yaikulu, ndipo woimba akaikakamiza mavalavu amafika pa malire awo, nayamba kupinda mau mofeŵa. Kusasa kuja kwa mlaliki nkumeneku. Hammond akadakutcha chilema, koma oimba monga Jimmy Smith, amene mbale zake zidayamba kutuluka pa kampani ya Blue Note m'chaka cha 1956, adakusandutsa chokometsera.

M'zaka zomwezo padabuka khamu lina la anthu, odzipangira okha maampulifaya kunyumba. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, mavalavu ndi zipangizo zotsala za asilikali zidali zotsika mtengo, ndipo anyamata ambiri adali ataphunzira za wailesi ku usilikali. M'chaka cha 1947 magazini ya ku Britain yotchedwa Wireless World idasindikiza pulani ya D. T. N. Williamson ya ampulifaya ya ma watt 15, ndipo anthu a m'maiko ambiri adaipanga pa matebulo a m'nyumba zawo. M'chaka cha 1954 kampani ya Mullard idatulutsa pulani yake ya mavalavu 5 ndi ma watt 10. Ku America makampani a Heathkit ndi Dynaco ankagulitsa zipangizo zonse m'bokosi limodzi, kuti wogula azilumikize yekha. Pamene makabati a Leslie adayamba kukalamba, ena atafa ampulifaya, ena atachotsedwa zam'kati, magulu aŵiriŵa adakumana. Munthu wokhala ndi kabati yopanda ampulifaya ndi ampulifaya yopanda kabati sakanalephera kufunsa ngati ziŵirizo zingagwirizane.

Zingagwirizane ndithu, koma pali mfundo zingapo zofunika kumasula, ndipo iliyonse ili ndi mbiri yake. Yoyamba ndi ya thiransifoma yotulutsira mau. Valavu imagwira ntchito ndi magetsi okankha mwamphamvu koma oyenda ochepa, pamene sipika imafuna magetsi oyenda ambiri okankha pang'ono. Thiransifoma imayanjanitsa ziŵirizi monga momwe magiya amayanjanitsira injini ndi magudumu a galimoto. Masipika a kabati ya 122 ndi a ma ohm 16, ndipo kachipangizo kogaŵa mau kadapangidwira muyeso womwewo, pamene maampulifaya ambiri opangidwa kunyumba amayembekeza ma ohm 8 kapena 4. Miyeso ikasiyana, mphamvu imatayika ndipo mavalavu amavutika. Choncho mmisiri amayamba wafufuza ngati thiransifoma yake ili ndi waya wa ma ohm 16. Ndipo pali lamulo limene amisiri akale ankaphunzitsa ana a ntchito: ampulifaya ya mavalavu isaimbidwe popanda sipika, chifukwa magetsi osoŵa kopita amabwerera ndi kuboola thiransifoma.

Mfundo yachiŵiri ndi ya khalidwe la limba. Gitala ikakhudzidwa liu lake limazilala lokha, ndipo chingwe chake chotsika koposa chimanjenjemera pafupifupi maulendo 82 pa sekondi. Limba limagwira liu mpaka woimba atachotsa chala kapena phazi, ndipo chopondera chake chotsika chimafika pafupifupi pa maulendo 33 pa sekondi. Thiransifoma yaing'ono, yokwanira gitala, imalephera kusenza mau otsika otere; imatentha ndipo besi amasanduka phokoso. Pafunika thiransifoma yachitsulo chambiri. Komanso mphamvu ikachuluka kuposa muyeso, kasipika ka lipenga, kamene ndi kosalimba, kamapsa. Kuonjezera apo, ampulifaya ya mtundu wa Williamson idapangidwa kuti isaonjezere kanthu pa mau. Gawo la mau otuluka limabwezedwa kumayambiriro kuti likonze zolakwika, ndipo chifukwa cha ichi ampulifayayo imakhala yoyera mpaka pa malire ake, kenaka imathyoka mwadzidzidzi ndi mau oŵaŵa m'khutu. Amisiri ofuna kusasa kofeŵa kwa Leslie kaŵirikaŵiri amachepetsa kubweza kumeneko. Motero zimene Williamson adalimbana nazo kuti azichotse, iwo amazibwezeramo mwadala.

Mfundo yachitatu ndi ya khomo loloŵera mau. Limba la B-3 limatumiza mau pa mawaya aŵiri, wina akukankha pamene mnzake akukoka, kotero kuti kung'ung'udza kwa magetsi kumene nthambo yaitali yatola m'njira kumafafanizika pofika. Kabati ya 122 idapangidwira malumikizidwe ameneŵa. Ya 147, imene idapangidwira malimba a makampani ena ndi malimba aang'ono, imalandira mau pa waya mmodzi. Ampulifaya yopangidwa kunyumba nthaŵi zambiri imafanana ndi ya 147, ndipo kuti ilandire bwino limba lalikulu imafuna kathiransifoma pakhomo pake, ndi chochepetsera mphamvu, pakuti limba limatumiza magetsi ochuluka kuposa gitala kapena galamafoni.

Mfundo yachinai, yoiŵalika kaŵirikaŵiri, ndi ya mamota. Ampulifaya ya Leslie siikuza mau okha. Imagaŵanso magetsi ku mamota anai, aŵiri othamanga ndi aŵiri oyenda pang'onopang'ono, kudzera m'kaswichi koyendetsedwa ndi maginito kotchedwa relay. Mu kabati ya 122 lamulo losintha liŵiro limayenda pa mawaya omwewo a mau, ndipo valavu yaing'ono ndiyo imalimva ndi kukoka kaswichiko. Mu kabati ya 147 kaswichiko kamakokedwa ndi magetsi a m'nyumba. Wochotsa ampulifaya yakale wachotsanso zonsezi, ndipo ayenera kumanga njira yatsopano. Amisiri osamala amagwiritsa ntchito relay ya magetsi ofooka, kuti magetsi akupha asafike pa swichi imene woimba amagwira ndi dzanja lonyowa ndi thukuta. Apa mpamene pali msampha wotsala kuchokera m'masiku a mkangano uja. Makabati a 122 ndi 147 ali ndi pulagi yofanana, ya mano 6, yonyamula mau pamodzi ndi magetsi a m'nyumba, koma mano akewo ali ndi ntchito zosiyana. Pulagi imaloŵa bwinobwino m'kabati yolakwika, ndipo zotsatira zake ndi utsi. Safunsa adadya phula.

Makabati akale kwambiri ali ndi mfundo inanso. Masipika awo aakulu alibe maginito okhalitsa, koma waya wokulungidwa umene umasanduka maginito pokhapokha ampulifaya ikaupatsa magetsi. Malimba oyambirira a Hammond nawonso ankadalira kabati kuti iwapatse magetsi oyendetsera mavalavu awo. Ampulifaya yatsopano yosadziŵa maudindo ameneŵa imasiya sipika ili duu ndi limba lili chete, ngakhale mawaya onse a mau alumikizidwa molondola.

Palinso nkhani ya dziko. Zipangizo za ku America zidapangidwira ma volt pafupifupi 117 osintha mbali maulendo 60 pa sekondi. Ku Britain, ku South Africa, ku Zambia ndi ku Malaŵi magetsi ndi a ma volt pafupifupi 230, osintha maulendo 50. Thiransifoma ingatsitse ma volt, koma singasinthe maulendowo. Mamota a kabati ya ku America amayenda mochedwerapo pa magetsi otere, ndipo limba lenilenilo, popeza timagudumu take timatsatira magetsi monga mawotchi aja, limatsika mau ndi makiyi pafupifupi atatu. Nchifukwa chake kampani ya Hammond inkapanga malimba apadera a maiko a maulendo 50.

Pamwamba pa zonsezi pali moyo wa mmisiri mwini. Mavalavu aakulu amagwira ntchito ndi ma volt oposa 400, ndipo makapasita, timigolo tosunga magetsi, amatha kusunga mphamvuyo ngakhale pulagi itazulidwa pakhoma. Amisiri a m'masiku a mavalavu ankayamba atakhuthula makapasita ndi kuyeza ndi mita, ndipo poyeza ampulifaya yoyaka ankaika dzanja limodzi m'thumba, kuti magetsi asapeze njira yodutsa pamtima kuchoka dzanja lina kupita lina. Fyuzi ya muyeso woyenera ndi waya wotaya magetsi pansi nzofunika monga valavu yeniyeniyo.

Kuloŵerera m'kati mwa kabati kotereku kudasiya zizindikiro m'mbiri ya nyimbo. M'chaka cha 1965, ku Chicago, pojambula chimbale cha Junior Wells chotchedwa Hoodoo Man Blues, ampulifaya ya Buddy Guy idafa ntchito ili m'kati, ndipo gitala yake idalumikizidwa ku kabati ya Leslie imene idali m'nyumba yojambulirayo. M'chaka cha 1966, ku London, John Lennon wa gulu la Beatles adapempha kuti liu lake limveke ngati la mkulu wachipembedzo woimba pamwamba pa phiri. Geoff Emerick, wojambula mau wa zaka 20, pamodzi ndi amisiri a ku EMI adatsegula mawaya a kabati ya Leslie naloŵetsamo liu la munthu, ndipo zotsatira zake zimamveka m'nyimbo ya Tomorrow Never Knows. Jon Lord wa gulu la Deep Purple adachita zosemphana ndi zimenezi: adachotsa limba lake ku kabati naliloŵetsa mu ampulifaya ya gitala ya Marshall kuti lilimbane ndi phokoso la anzake. Ngakhale makampani adatsatira mapazi a amisiri. Kampani ya CBS idagula Fender ndi Electro Music m'chaka cha 1965, ndipo m'chaka cha 1967 idatulutsa kabati yozungulira yopanda ampulifaya, yoti woimba gitala alumikize ku ampulifaya yake, niitcha dzina lakale lija, Vibratone. Kum'mwera kwa Africa limba la Hammond lidafika m'makutu a anthu ambiri kudzera m'zala za Moses Ngwenya wa gulu la Soul Brothers la ku South Africa, kuyambira m'zaka za m'ma 1970.

Laurens Hammond adamwalira m'chaka cha 1973 asadavomereze kabati imene idakometsa limba lake. Patapita zaka pafupifupi ziŵiri kampani yake idasiya kupanga malimba a timagudumu, pakuti thiransisita, kachida kakang'ono kosatentha kamene kadatulukira m'chaka cha 1947, kadali katalanda malo a valavu. M'chaka cha 1980 kampani ya Hammond idagula Electro Music kwa CBS, zaka 40 chiikanireni kabatiyo, koma m'chaka cha 1985 iyo yomwe idagwa. Pambuyo pake maina onse aŵiri adakhala m'manja mwa kampani ya Suzuki ya ku Japan, yopanga zida zoimbira. Donald Leslie adaona zonsezi ndi maso ake, namwalira m'chaka cha 2004 ku Altadena, ku California, ali ndi zaka 93.

Masiku ano makompyuta amatsanzira liu la kabatiyi mochititsa kaso, ndipo oimba ambiri oyendayenda amasankha zimenezo kusiyana ndi kusenza bokosi lofuna anthu aŵiri. Komabe mavalavu akupangidwabe ku Russia, ku Slovakia ndi ku China, ndipo makabati a zaka 60 akugwirabe ntchito m'matchalitchi ndi m'nyumba zojambulira nyimbo, chifukwa chilichonse cha m'kati mwake chingamasulidwe ndi kukonzedwa: lamba, mota, kapasita, valavu. Zimene zimawapha kaŵirikaŵiri ndi kusoŵa munthu wodziŵa mawaya ake.

Mmisiri amene watsiriza kusintha ampulifaya yake amaiyesa monga momwe Leslie ankayesera kunyumba kwake. Amayeza mawaya kaŵiri asanaike pulagi pakhoma, amadikira kuti mavalavu afiire, nakanikiza kiyi imodzi mamota ali chiimire, kuti amve ngati mau okwera akutulukira pamwamba ndi a besi pansi. Akakhutira, amakankha swichi. Lipenga limayamba kuthamanga, mgolo nkumatsatira pambuyo pang'onopang'ono, ndipo iye amasuntha kabatiyo kuiyandikiza ku ngodya ya chipinda, kumene makoma aŵiri angabweze mau ake.